Ada Longwe Atatuluka Opanda Suti

Ada Longwe tinawaika m'manda mwezi wathawu atavala suti yawo yotuwa, tayi yofiira, ndi kansalu koyera kosuzumira m'thumba la pachifuwa. Mwana wawo Eliza ankafuna avekedwe suti yakuda yatsopano imene mchimwene wake anatumiza kuchokera ku Joni. Ine ndinakana, moti tinatsala pang'ono kuyambana pasiwa pomwepo. Ndinamuuza kuti anthu akubwera kudzaona nkhope, koma Nkhata Bay nkhope ya bambo ake saidziwa, amadziwa suti yotuwayo. Eliza anakumbukira za pa depoti, ndipo anakatenga yekha suti yakaleyo n'kuyamba kuisita.

Za pa depotizo ndifotokoza. Linali tsiku limene anthu a tawuni ino anatsala pang'ono kuwotcha mphunzitsi wawo chifukwa chakuti anatuluka m'nyumba osavala suti. Koma ndiyambe ndanena kuti anali ndani, poti achinyamata ena amangowadziwa ngati nkhalamba ya mu vidiyo ija inazungulira m'mafoni.

Ada Longwe ankaphunzitsa magule ovina awiriawiri, mwamuna ndi mkazi atagwirana. Gule wa honala anakula naye konkuno, masiku amene akodiyoni inkalira Loweruka lililonse m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Magule a m'maholo anakawatola ku Bulawayo ali mnyamata, komwe ankaperekera zakudya mu hotela, manja atanyamula thireyi, maso ali pa mapazi a ovina. Atabwerera kuno anapeza chipinda chakale chosungiramo katundu, pamtunda pang'ono panjira yopita ku Chikale, n'kupaka pansi polishi wofiira. Kuyambira pamenepo ukwati uliwonse wofuna kutchuka pa boma pano unkadutsa m'manja mwawo. Akwati, operekeza akwati, anamwino, makalaliki, asodzi ofuna kuoneka bwino pa ukwati wa ana awo, onse anakalipiridwapo m'chipinda chimenecho.

Kumbali tinkawatcha Ada Chigongono. Munthu akangogwetsa mkono pang'ono povina, liwu limenelo linkatuluka mwamphamvu mpaka akabaza odutsa mumsewu ankadzidzimuka n'kuwongola mikono. Ankaphunzitsa m'Chichewa chifukwa ophunzira ambiri anali obwera, koma akapsa mtima Chitonga chinkabwera chokha, ndipo zikafika poipa penipeni ankalankhula Chindebele cha ku Bulawayo chimene palibe ankachimva. Munthu aliyense iwo ankamutchula mwaulemu kuti "imwe", ngakhale kamtsikana ka sukulu, ngakhale pomunyoza. Kuthamanga sankathamanga, mvula igwe bwanji. Kondowole ankadya jekete lili m'thupi, kansalu atakoleka pakhosi. Ndipo palibe munthu, kupatula akazi awo Ama NyaMhone, amene anawaonapo opanda jekete, chipewa ndi mano awo oikirira. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, iwo tayi ili pakhosi.

Ine ndimagulitsa kaunjika mumsika. Kwathu ndi ku Ntcheu. Kuno ndinabwera ndi banja, banjalo linatha, ine n'kutsala. Kwathu ndine Naphiri, koma Ada Longwe anandisandutsa NyaPhiri ndipo dzinalo linakakamira. Ankabwera pabenchi panga kudzasankha malaya oyera, kolala iliyonse n'kuinunkhiza ngati akugula nsomba. Tsiku lina anandiona ndikukoka belo la zovala cham'mbuyo pakati pa mabenchi osagunda kanthu.

"Imwe NyaPhiri, Loweruka masana mubwere kumtunda kuja. Muvale nsapato zotseka."

"Kukatani, Ada? Ine ukwati ndinavina kale, unandikwana."

"Sindikufuna mkwatibwi. Ndikufuna munthu woti adzaphunzitse anthu ine miyendo ikadzatha."

Ndinaseka. Iwo sanaseke, ndipo Loweruka ndinapezeka ndili kumeneko, chimene chinandikoka sindikuchidziwa.

Masiku ano achinyamata amabwera kwa ine kuti akufuna kukhala aphunzitsi a gule. Amaganiza kuti ndi nkhani yoloweza masitepe ambiri ndi kukhala ndi sipika yaikulu. Ndimawauza zimene ine sindinauzidwe, kuti akonzekere kuchita mantha, kupondedwa ndi kunenedwa m'tawuni, ndipo ndimawafotokozera mmene Ada anandiyambira.

Miyezi yoyamba nyimbo sindinaimve n'komwe. Ada ankawaza pansi ufa wa kondowole kuti nsapato ziziterera bwino, ufa woba m'khitchini mwa Ama NyaMhone, ndipo nkhondo ya ufawo inatha pokhapokha mayiwo atamwalira. Nkhuku za m'deralo zinkadziwa nthawi kuposa ife, Loweruka masana zinkadikirira pakhomo kuti tisese. Akatha kuwaza ankandimanga duku kumaso n'kutsegula chitseko. Tsono chipindacho chinamangidwa pokwera. Ukatuluka pakhomo pali potsika popitirira m'mawondo, pansi pake miyala yokhayokha. Ankandigwira mmene mwamuna amagwirira mkazi povina, dzanja lamanja lili pamsana panga pansi pa phewa, n'kuyamba kundiyendetsa cham'mbuyo kulunjika pakhomo pomwepo. Manambala sankawerenga, ankangoimba ndi lilime: taa, ta-ta, taa, ta-ta.

Ndinkaopa koopsa. Umamva nkhuku zikuyandikira, kamphepo kakukukhudza m'khosi, phokoso la njinga zamoto likukula, iwe osaona kanthu. Thupi lonse limakuwa kuti ima. Ukaima wekha, Ada ankakusiya pomwepo n'kukayambiranso kukhoma. Ukatembenuza mutu chimodzimodzi, manja pansi, gule watha. Unkayenera kupitabe mpaka chikhatho chawo chitakukanikiza pamsana, ndipo chinkakanikiza chidendene chitalendewera kale pamphepete. Ndinkapita kunyumba ndikulumbira kuti sindibwereranso kwa mdala wankhanza ameneyu.

Chifukwa chake ankachinena mosabisa. Ankati pa gule ameneyu mkazi amapita komwe sakuona, maso a anthu awiri ali ndi mwamuna, ndiye mphunzitsi amene sanalaweko mantha amenewo amaphunzitsa amuna kukankha akazi awo ngati wilibala. Amuna ofuna kukhala aphunzitsi ankamangidwanso duku lomwelo, ndipo ambiri sankabweranso. Bambo wina wamatama, chimunthu cha mapewa aakulu, anang'amba duku ali pakati pa chipinda n'kutuluka osatsanzika. Chipewa chake chinakhala pa msomali mpaka chinachita nkhungu.

Nditazolowera mbali ya akazi anandisinthira ku ya amuna, chifukwa mphunzitsi amayenera kudziwa zonse ziwiri. Mumsika zinamveka msanga kuti NyaPhiri wasanduka mwamuna, akugwira akazi a eni m'chiuno. Kenako anayamba kundipatsa anthu amene aliyense ankawathawa: msodzi wa mapazi ngati nkhafi, kalaliki wowerenga mokweza m'khutu mwanga, mkwati wonunkha mowa wa dzulo. Chikhadabo cha chala changa chachikulu chinazuka, chinamera, n'kuzukanso. Ndikadandaula ankati wovina amasankha mnzake, koma mphunzitsi amalandira yemwe watsala. Malamulo ena anali aang'ono koma owawa. Usaseke wophunzira ngakhale agwe chagada. Usambe, utsuke m'kamwa, pakuti munthu sangaphunzire kanthu akupumira kumbali. Iwo ankatafuna khungu la ndimu asanagwire munthu aliyense. Usamuuze munthu zolakwa ziwiri tsiku limodzi, sankha chimodzi, zinazo umeze. Iwo zaka zonsezo ankangosankha chigongono.

Tsiku loyamba kundisiyira gulu la operekeza akwati ndinagona osadya. Ada anakhala pampando wawo pakona osalankhula, zimene zinandiopsa kuposa kukalipa kwawo. Ndinavina ndi mtima wonse, ndinazungulira, ndinaonetsa zonse zimene ndinkadziwa, atsikana aja mpaka anandiombera m'manja. Atapita ndinadikira kuyamikiridwa. Ada anati ndavina bwino kwambiri ndipo sindinaphunzitse munthu ndi mmodzi yemwe, poti onse apita kwawo akudziwa kuti NyaPhiri amatha, iwo satha. Ndinalira panjira yonse yotsikira kumsika. Loweruka lotsatira ndinavina mochepa, maso ali pa iwo, ndipo ndinayamba kuona amene akuopa, amene akumva kuwawa bondo ndi amene anakangana ndi mnzake m'mawa.

Mikangano sinkawasowa Ada Longwe. Akulu a mpingo anawaitanitsapo kuti afotokoze za kugwiragwira akazi a eni. Anapita ndi Ama NyaMhone, n'kuwagwira mmene amagwirira povina pamaso pa bwalo lonse, n'kupempha mkulu wina kuti adutsitse chipewa pakati pawo. Chipewa chinadutsa osakhudza batani. Mlandu unathera pomwepo, koma Ada anakhala nthawi yaitali osamupatsa moni mkuluyo, ati anapinda chipewacho. Ndi anyamata a masitepe amakono, aja amandandalika operekeza akwati m'mizere sipika ikugunda, sankamwerana madzi. Ankati zimenezo ndi zolimbitsa thupi za ku pulayimale, poti palibe akusamala mnzake, aliyense akuvinira kamera.

Ine ndinakangana nawo pa phunziro lomaliza. Ankati tsiku la ukwati mkwati amaiwala zonse, amangoima pakati pa holo, ndipo mphunzitsi ayenera kudziwa kuyendetsa munthu wotero ali kumbali ya mkazi, kuti akaphunzitsenso mkwatibwi, mwakuti mkwatiyo ndi oonerera aziganiza kuti akutsogolera ndi iyeyo. Sukoka mkono. Umagwiritsa ntchito zala zimene zili paphewa pake ndi kulemera kwa thupi lako, umatsamira m'mbuyo pang'ono, phazi lake limabwera lokha. Pondiphunzitsa, Ada ankadzisandutsa mkwati wosokonezekayo, ankaima chilili maso ali tong'o. Ndikangowakoka ankandimenya padzanja. Ankati munthu wamkulu sakokedwa, ukamukoka amalimbana nawe.

Zimenezi ndinazigwira msanga, koma iwo sanaleke. Zaka zinkapita, ine ndikuphunzitsa kale magulu anga, koma Loweruka lililonse anthu akapita ankati tibwereze.

"Ada, izi ndinazidziwa kalekale. Ndili ndi ana kunyumba."

"Awa, simunadziwe. Imani apo."

"Mukungofuna kundizunza basi."

"Imani apo, NyaPhiri."

Tsiku lina akupukuta nsapato, ine ndikusesa, anandiuza za bambo awo, ndipo sanabwerezenso. Nawonso anali munthu wa suti, wobwera ku migodi. Atakalamba mutu unayamba kusokonekera, ankatuluka osadziwa komwe akupita. M'mawa wina anapezeka m'mudzi wakutali kumene sankadziwika, atangofunda bulangete, atakhala pakhomo pa eni. Anthu anati ndi mfiti yagwa pa ulendo wake. Pamene abale ankafika n'kuti atawamenya kale ndi nkhafi, ndipo sanakhalitse. Ada Longwe ankanena zimenezi maso ali pa nsapato.

"Imfa sindikuiopa, imwe. Koma mukadzandiona ndatuluka opanda tayi, mudzandimange pabedi ndi chingwe cha boti."

Ndinaseka kuti ndiwachotse mantha, koma manthawo analowa ine. Pa nthawiyo n'kuti atayamba kale kunditchula dzina la malemu akazi awo, ndipo masiku ena akaima chilili pakati pa chipinda sindinkadziwanso ngati akuchita dala.

Matendawo anapita akukula. Eliza anasiya ntchito ku Mzuzu n'kubwera kudzawasamala, makiyi a nyumba ankagona nawo pansi pa pilo. Magulu onse anatsala m'manja mwanga. Ada ankabwerabe Loweruka atatchena n'kukhala pampando wawo. Mayina a anthu anawathawa, koma chigongono chogwa sichinkawadutsa. Anthu ambiri m'tawuni sankadziwa kuti zafika pati, chifukwa munthu wa suti akakuvulira chipewa suganiza kuti sakukudziwa.

Tsiku la pa depoti kunacha mvula itagwa yambiri. Ndikumasula katundu pabenchi, mayi wogulitsa usipa pafupi nane anabwera akuthamanga kuti pa depoti agwira mfiti. Ine zoterezi sindipitako, gulu la anthu ndimaliopa. Koma anawonjezera kuti ndi kamdala kopanda mano, kakulankhula chilankhulo chosamveka. Ndinafunsa kuti chilankhulo chotani. Anayeserera mawu angapo, aja amaphulika palilime. Ndinawadziwa mawuwo, ndinali nditakalipiridwa nawo zaka zambiri. Ndinasiya katundu ali mbwee n'kuthamanga.

Anthu anali atapanga bwalo pakati pa maminibasi: anyamata oitanira, akabaza, apaulendo opita ku Mzuzu, amayi a mumsika, mafoni ali m'mwamba. Pakati panali nkhalamba yovala vesiti ndi kabudula wogonera, matope mpaka m'mawondo, dazi lili poyera, masaya atalowa m'kati. Ndikunena zoona, inenso ndinakayika. Zaka zonsezo ndinali ndisanaonepo mutu wawo wopanda chipewa, ndipo sindinkadziwa kuti ndi ochepa thupi chotero. Mayi wina ankakuwa kuti anawapeza atakhala pakhomo pake kukucha, pamene mwana wake wakhala akudwala osachira. Mnyamata wina anali ndi chitsulo chomasulira matayala. Wina anali atagubuduza kale tayala lakutha, ndipo ndinamva mawu akufunsa amene ali ndi petulo. Bambo wina anawakoka mkono kuti awagwetse pansi, Ada n'kumumenya padzanja mmene ankandimenyera ine. Gulu lonse linabangula. Mwala unawapeza pakhutu, magazi n'kutsikira pa vesiti.

"Asiyeni! Awa ndi Ada Longwe! Ada Longwe a gule!"

Mawu anga anatuluka ang'onoang'ono. Ena anaseka. Amene anandiyankha ndi bambo wina wa shopu ya zitsulo, amene ine ndemwe ndinamuthandiza masitepe a ukwati wake m'chipinda chija.

"Mayi, musatinamize. Ada Longwe ndimawadziwa ine, anandivinitsa pa ukwati wanga. Ada Longwe angayende chonchi? Ichi n'china."

"Mwina ndi mnzake ameneyo," anatero wina kumbuyo. "Si uja amavina ngati mwamuna?"

Pamenepo ndinadziwa kuti tayalalo likhoza kukwana anthu awiri. Ndine wobwera, wopanda mwamuna, wopanda m'bale woti n'kundiimira. Mkodzo unatsala pang'ono kutuluka. Apolisi anali asanafike, foni ndinali nditaisiya pa katundu, ndipo kuwakoka kuti tithawe ndinkadziwa kuti angandimenye inenso, gulu n'kupezerapo mwayi. Nzeru ina ndinalibe. Ndinangochita chinthu chimene munthu ameneyu anandiphunzitsa.

Ndinavula mapatapata, chifukwa suyenda nawo cham'mbuyo. Ndinalowa m'bwalomo n'kuima patsogolo pawo, n'kukweza dzanja lamanja, kudikira, pakuti mkazi sagwira mwamuna, amangopereka dzanja. Ada ankayang'ana kupyola ine, akubwebweta Chindebele. Ndinayamba kuimba ndi lilime, taa, ta-ta, taa, ta-ta. Chinachake chinandimenya kumsana, kaya mwala kaya chitsononkho, sindinatembenuke. Dzanja langa linangokhala m'mwambamo anthu akuseka, ndipo ndinayamba kupemphera kuti ngati n'kufa ndife msanga.

Kenako dzanja lawo lamanzere linakwera lokha n'kutenga langa. Lamanja linafika pamsana panga, pansi pa phewa, pamalo pake penipeni. Msana wawo unawongoka, chibwano chinakwera. Koma anangoima chilili, maso ali tong'o, mkwati wosokonezeka uja, ndipo ulendo uno sikunali kuchita dala. Ndinaika zala paphewa pawo n'kutsamira m'mbuyo pang'ono. Phazi lawo lamatope linabwera. Linzake linatsatira.

Tinayamba kuyenda, ine cham'mbuyo, kulunjika kumene kunali mnyamata wa chitsulo uja. Kucheuka sindikanatha, chifukwa ndikanangotembenuza mutu akanandisiya, gule watha. Maso a anthu awiri anali ndi iwo, koma m'masomo munalibe munthu. Ndinkadikira chitsulo m'mutu. M'malo mwake ndinamva mapazi akusuntha, anthu akupatuka, phokoso likutsika. Tinatuluka m'bwalo, gulu likutitsatira, ine ndikuliona lonse pamwamba pa phewa lawo, tayala lija likugubuduzidwabe.

Ndiye ndinamva madzi. Kumapeto kwa depoti kuli ngalande yaikulu ya simenti yotsikira kunyanja, yakuya, ndipo tsikulo inkathamanga ndi madzi a mvula. Ndinayesa kuwakhotetsa ndi zala, sanakhote. Ndinayesanso, anangobwerabe molunjika, olemera ngati thumba la chinangwa. Kuima ndekha ndinkaopa, chifukwa akanandisiya, ndipo gulu linali pomwepo. Mkokomo wa madzi unkakula kumbuyo kwanga monga zinkachitira nkhuku zija, kamphepo kozizira kanandikhudza m'khosi, chidendene changa chinaponda mphepete mwa simenti n'kulendewera. Ndinatsinzina.

Chikhatho chinakanikiza pamsana.

Ndinaima. Ada anandizungulitsa bwinobwino, kuzungulira kuja ankaphunzitsa mkwatibwi aliyense, ngalande n'kutsala kumbali. Kenako anayang'ana mkono wanga umene unali utagwa ndi mantha, ndipo liwu lija linatuluka, lopanda mano koma lomwelo, mpaka linamveka ku masitolo.

"Chigongono, imwe!"

Pa depoti panangoti zii, injini za maminibasi zokha zikulira. Ndinaona mikono ya anthu ena m'gulumo ikudzikweza yokha. Mayi wina wachikulire anagwira kumutu n'kulira kuti, "Mayo ine, ndi Ada Chigongono! Tachita chiyani ife!" Bambo wa shopu uja anavula jekete lake n'kubwera nalo, koma sindinaime, sindinkakhulupiriranso munthu aliyense. Tinapitiriza chomwecho kukwera msewu wa ku Chikale, ine cham'mbuyo wopanda nsapato, magalimoto akutipatukira, ndipo tsopano ankatsogolera ndi iwo.

Eliza tinakumana naye panjira akuthamanga, akulira, jekete lotuwa lili pamkono. Anali atangolowa kubafa kiyi ataiwala pachitseko, ndipo potuluka kukawafuna chinthu choyamba chimene anatola ndi jeketelo. Ada anandisiya, anawerama pang'ono monga ankachitira gule akatha, anavala jekete pamwamba pa vesiti yamagaziyo n'kumanga mabatani onse.

"Yewo, Ama," anatero kwa ine, ngati akuthokoza mlendo. Ine ndinakhala pansi m'matope momwemo.

Masiku otsatira anthu anabwera kunyumba kwawo ndi nsomba, chinangwa ndi nkhope zakugwa. Tayala lija palibe anavomera kuti analigubuduza ndi iye. Vidiyo inazungulira m'mafoni, koma anaidula, imayambira pamene tikuvina, ndipo anthu akutali amalemba pansi pake kuti ku Nkhata Bay kuli chikondi. Ndikaiona ndimafuna kuswa foni. Bambo wa shopu uja ananyamula nawo bokosi pa maliro, koma moni wake sindinayambebe kuyankha.

Ada sanadziwe kuti kunachitika zotani. Kuyambira tsikulo Eliza ankawaveka suti akangodzuka, ndipo jekete ankagona nalo. Ine mantha sanandichoke mpaka tsiku limene anatsikira m'manda. Ndikamva phokoso kumbali ya depoti ndinkasiya kasitomala ali chiimire n'kuthamangira komweko. Tsiku lina mutu wawo utayera pang'ono ndinawafunsa ngati phunziro lomaliza lija ankandibwerezetsa chifukwa cha iwo eni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti phazi langa lamanzere likadali laulesi.

Chipinda chija mwini wake akuchifuna, ati aziikamo maukonde ndi injini za maboti, ndipo ophunzira ndawasamutsira kwina. Loweruka lapitali ndinapita kukachotsa zotsala. Polishi anatha kalekale pakati. Patsala njira yotuwa yozungulira imene mapazi a anthu anaipala pa simenti, ndi ina yowongoka yochokera kukhoma kukafika pakhomo. Mpando wawo uli pakona, miyendo yakutsogolo yodyeka poti ankaupendekera kutsogolo akamakalipa. M'chitini cha ufa mwalowa anankafumbwe, pawindo pali makungu a ndimu ouma. Nkhuku zinabwera pakhomo nthawi yake yomweyo, zinadikira, kenako n'kumapita.

Ndisanatseke ndinawaza ufa wotsalawo pansi, ndinatsegula chitseko chonse, ndinadzimanga duku kumaso n'kukweza manja ngati pali munthu. Ndinayamba kubwerera cham'mbuyo, taa, ta-ta, taa, ta-ta. Ndinamva msewu ukuyandikira, kamphepo m'khosi, ndipo pamsana panga, pansi pa phewa, panali pozizira. Mantha anandigwira, ndinaima ndekha. Nditachotsa duku ndinapeza kuti sindinafike n'komwe pakati pa chipinda.